Uthenga wa Rozina Unagona Pansi pa Zithunzi

Inu owerenga, makamaka achinyamata amene mukuphunzira zopanga mawebusaiti, ndikupempha kuti mundimvere. Ine ndinapanga webusaiti yokongola imene anthu ankasochera akalowamo, ndipo chifukwa cha zimenezo amalume anga anatsikira kuli chete asanamve mawu a mwana wawo.

Ndinabadwira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo. Pobwerera kwathu ku Malowera ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira akuluakulu akulambula tchire pamabwinja ndi kuzika mitengo ya nyumba zatsopano. Amalume a Benedito, alongo awo a mayi anga, anabwerera opanda mwana wawo woyamba, Rozina. Anatayana naye pothawa, mfuti zitalira pamtsinje, iye ali kamtsikana. Kuyambira pamenepo ankafunsa aliyense wochokera ku Zambia, ngakhale ogula mbuzi.

Nditamaliza kurusu, maphunziro a makompyuta, ku Tete, akuluakulu a mpingo ku Fingoe anandipempha kuti ndikonze malo pa intaneti oti mabanja amene anabalalika pa nkhondo azisiyirana mauthenga. Ndinavomera mokondwa. Koma kunena zoona, pogwira ntchitoyo mumtima mwanga munali anzanga a ku Tete oti adzandiyamikire, osati amalume. Patsamba loyamba ndinaika chithunzi chachikulu cha mapiri. Mitu yonse ndinailemba m'Chipwitikizi. Menyu ndinaibisa kuseri kwa timizere titatu pakona, poti ndi mmene anzanga ankachitira. Kuti munthu afike polemba dzina la m'bale wake, ankayenera kudina timizereto, kusankha “Serviços”, kenako “Comunidade”, kenako “Registos”. Ine ndinkafikako osaganiza n'komwe, ndiye ndinkayesa kuti aliyense afikako.

Amalume anapalasa njinga mpaka pachitunda pamene rede, netiweki ya foni, imagwira, limodzi ndi akatekisita amene anali ndi foni ya intaneti. Chithunzi chija chinachedwa kutseguka, ndipo chitatseguka sanaone pogwira. Anandiimbira.

“Muphwanga, pakhomo pako tafika, koma chitseko sitikuchiona.”

Ndinali pantchito. Ndinawayankha mothamanga kuti n'zosavuta, angodina pamwamba. Anathokoza, nati ayesanso. Za nkhaniyi sanandiimbirenso, mukudziwa akuluakulu safuna kuoneka ovuta. Ndinadzamva mochedwa kuti anabwererako kuchitundako kangapo, mpaka anagwa ulesi.

Mvula ili mkati amalume anadwala chifuwa, namwalira. Titaika maliro, akatekisita ananditengera pambali n'kundiuza kuti si amalume okha amene ankalephera. Pamenepo mpamene ndinakhala pansi kuti ndikonze. Nditatsegula tsamba lina limene ndinaikapo zithunzi kuti ndilifufute, ndinapeza kuti pansi pake, polemba ndemanga, panali podzaza mauthenga. Anthu amene analephera kupeza “Registos” ankalemba pamenepo, chifukwa ndi bokosi lokhalo limene ankaliona. Panalibe amene ankawerengako, ngakhale ineyo.

Uthenga umodzi unali m'Chinyanja cha ku Zambia. Wolembayo ankati dzina lake ndi Rozina, amakhala ku Petauke, analeredwa ndi banja limene linamutola panjira, ndipo chimene akukumbukira n'chakuti atate ake ndi a Benedito a ku Malowera. Anasiya nambala ya foni. Unalembedwa chimanga chisanabzalidwe, amalume akadali ndi mphamvu zopalasa njinga.

Ndinaimba nambalayo nthawi yomweyo. Nditamufotokozera kuti ndine msuweni wake, anati, “Nanga atate ali pafupi? Apatseni foniyo.” Ndinangoima ndi foni kukhutu, iye akubwereza funso lake, mpaka anamva yekha kuti ndikulira.

Rozina anabwera titakolola. Ndinamutenga pa mota, njinga yamoto, kupita naye kumanda. Sanandiimbe mlandu, ndipo zimenezi n'zimene zimandipweteka kwambiri. Anangondifunsa kuti atate ake ankaseka bwanji, ine ndinalephera kumufotokozera.

Webusaitiyo ndinaikonza. Tsopano ukangotsegula umaona mabatani awiri akuluakulu, m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, lina la kufunafuna m'bale, lina la kuwerenga mauthenga. Mabanja ena apezana. Koma ndikamva nkhani zoterozo sindisangalala mmene ndikanayenera, chifukwa kukonza kumeneku kunangonditengera masana amodzi.

Ndiye ngati mukupanga webusaiti, chimene anthu abwerera chiikeni poyera, m'mawu amene iwo amalankhula. Musanaitulutse, perekani foni kwa munthu wachikulire wa kwanu, inu mukhale chete, muone pamene chala chake chikuima. Ndipo wina akakuuzani kuti sakuona polowera, musamuyankhe kuti n'zosavuta. Siyani zimene mukuchita, mumufunse kuti akuona chiyani. Ine amalume sindinawafunse.