Akulu Anga Sanakweze Dzanja

Akulu anga anayamba kuphunzitsa masamu pa yunivesite tsitsi lidakali bii. Ena amene anadutsa m'manja mwawo lero ndi mapulofesa, koma iwo digiri yoti azitchedwa Dokotala analibe. Mabwana anawauza mosapsatira kuti chaka chikatha alibe digiriyo, ntchito yatha.

Kafukufuku wawo wa digiriyo anali wa kagwedwe ka mvula, ndipo masamu ake laputopu inkangotentha n'kuzima. Pankafunika chikompyuta cha yunivesite chija chodzaza chipinda. Koma lamulo linali lakuti usanachikhudze, uyambe wakhala pa maphunziro a ongoyamba kumene.

Anapita. Kulowa m'chipindamo, ha! Mwadzaza ana awo a m'kalasi.

"Madamu, khalani kutsogolo kuno," anawo anatero, n'kuwapukutira mpando.

Wophunzitsayo ankathamanga ngati basi ikumusiya. Anati ukalowa m'chikompyutacho umafikira malo otchedwa pakhomo, ndipo ntchito yolemera suiyambitsira pamenepo, umaitumiza pamzere kuti idikire nthawi yake.

"Pali funso?"

Za katumizidwe kakeko akulu anga sanatolepo kanthu. Koma mphunzitsi afunse funso ana ake akuyang'ana? Anangogwedeza mutu ngati amva.

Atandifotokozera kunyumba ndinati, "Asisi, bwererani. Kufunsa ndi kudziwa njira."

"Iwe, nkhope ndikaiika kuti?"

Anangoyerekeza okha, ntchito yonse n'kuiyambitsira pakhomo pomwepo. Makina anaima njii, anthu onse osathanso kulowa. Uthenga unapita kwa aliyense wogwiritsa ntchito chikompyutacho, dzina la akulu anga lili pamwamba. Anawatsekera, ati mpaka adzabwereze maphunziro aja chaka chamawa.

Zimandiwawa mpaka pano. Munthu wakalambira pabolodi, analephera kumukokera pambali n'kumuuza chamunong'onong'o? Akulu anga anapita kukadandaula kwa woyang'anira makinawo, yemwe anamuphunzitsa okha ali chaka choyamba. Iye anawalandira ndi manja awiri, tiyi n'kuwapatsa, kenako amvekere, "Lamulo ndi lamulo, Madamu." Ulemu wanji umenewo!

Chaka chinatha digiri kulibe. Ndine ndinakawathandiza kutulutsa mabuku mu ofesi. Pakhonde ana aja ankatipatuka atazolika. Tikutsika masitepe, mtsikana wina wa m'kalasi mwawo anatithamangira, n'kulandira katoni imene akulu anga ananyamula.

"Madamu, pepani," anatero. "Za mzere zija ifenso sitinamve. Tonse tinkadikira kuti mufunse ndinu."