Kampata ka Pansi pa Mthethe

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, a Waya ankagwira ntchito yokonza mpanda wa malo osungirako nyama zakutchire. Dzina lawo lenileni linatsalira m'mafayilo a ku ofesi. M'mawa uliwonse ankatenga pulayazi ndi mkombero wa waya, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa mpandawo. M'dzinja ankakwirira maenje okumbidwa ndi njiri. M'chilimwe ankalambula udzu kuti moto wolusa usalowe. Nyama ankangoziyang'ana kuti adziwe pamene zingaboole.

Akazi awo sanalowemo n'kamodzi komwe. Ankati fungo la nyama limawapweteketsa mutu. Koma dzuwa likafika paliwombo ankabwera kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mthethe, atanyamula chakudya. Pamalo amenewo a Waya anasiya kampata kokwana mbale imodzi, kotseka ndi kawaya kamodzi kokha. Ankamasula kawayako, mbale n'kulowa. Iwo ankadyera mkati, mayiwo atakhala pamwala kunja, akuwauza za kunyumba. Mabwana sanadziwe, kapena anangosankha kusadziwa.

Mayiwo anamwalira m'nyengo yozizira, patangotha chaka a Waya atapuma pantchito. A Waya sanalire. Ankadzuka, kusesa pakhonde, n'kukhala pansi. Tiyi ankazizirira m'kapu.

Mwana wawo wamkazi, namwino wa m'tauni, anabwera nyenje zitayamba kulira, mvula ili pafupi. Anapeza kangaude atamanga mumphika.

"Bambo, Loweruka ndikubwerera. Tipitire limodzi, simungakhale nokha chonchi."

A Waya anatenga tsache n'kukasesa pakhonde. Mawa lake anawafunsanso, iwo n'kukasesanso. Lachisanu m'mawa anavala malaya awo oyera n'kunena kuti, "Undiperekeze kumpanda kaye."

Pageti anapeza mlonda amene anagwira naye ntchito zaka zambiri.

"A Waya, lero mwalowera pageti ngati anthu?"

"Lero ndine mlendo."

"Mlendo wanji wa pulayazi m'thumba? Mayi, muwayang'anire awa, angatimasulire mikango."

"Mikango yake iti, achimwene? Muno mkango ndinu nokha," anatero namwinoyo. Mlondayo anaseka, a Waya n'kungodutsa.

Anatsata kanjira ka alendo. Mitengo inali itaphukira masamba anthete ngakhale dothi linali louma gwa. Padziwe lotsala matope okhaokha panali mbidzi zinayi, michira ikugwedera. Namwinoyo ankawerenga zikwangwani mokweza, monga amachitira ndi odwala osamva bwino.

"Bambo, taonani nswala izo, ina ili ndi kamwana."

A Waya anali akugogoda nsanamira ya mpanda ndi chala.

"Iyi yadyedwa ndi chiswe."

"Anthu amabwera muno kudzaona nyama, bambo."

"Nyama ndinaziona."

Anapatuka m'kanjirako, mwana wawo ali pambuyo, minga ikumukola siketi. Anayenda mpaka pamthethe paja. Pamene panali kampata panali waya watsopano, wonyezimira, wokokedwa mpaka pansi. A Waya anagwada, n'kulowetsa zala, n'kukoka. Sanagwedere. Kunja, mwala uja unali pomwepo, udzu wouma utauzinga mbali zonse.

Anakhala chogwada, akudikira kuti mwina mumtima muchitika kanthu. Anangomva kutentha kwa dothi m'maondo ndi kulira kwa nyenje.

"Ndi pano pamene amayi ankabwera?" anafunsa namwinoyo.

"Ndi pano."

Dzanja lawo linali litalowa m'thumba, litagwira pulayazi. Mwanayo analiona.

"Mukufuna mutsegule? Ine sindiuza munthu."

"Kuti padutse chiyani?"

Anatulutsa dzanjalo lopanda kanthu. Anayang'anitsitsa pamene wayayo anamangidwira kunsanamira, akuwerenga ndi chikhadabo.

"Wamanga apayu ntchito amaidziwa. Wapota kasanu. Ine ndinkapota kanayi."

Podzuka, maondo anakana. Namwinoyo anawagwira m'khwapa, ndipo iwo sanamukankhe dzanja.

Potuluka, a Waya anaika pulayazi ija patebulo la mlonda. Zogwirira zake zinali zitasalala ndi thukuta la zaka zonsezo.

"Mukam'patse wokonza mpanda watsopanoyo. Mumuuze kuti nsanamira yachitatu kuchokera padziwe yadyedwa ndi chiswe. Asinthe mvula isanagwe."

"Nanga inu mudzatsala ndi chiyani m'thumba?" anafunsa mlondayo, koma sanaseke.

A Waya ndi mwana wawo anayenda mumsewu wafumbi. Kum'mawa mitambo inali itayamba kuunjikana, yoyera pamwamba, yakuda kunsi. Atafika pamphambano, a Waya anaima kuti apume.

"Basi ya mawa inyamuka nthawi yanji?"

"Sikisi, bambo."

"Mbale ija ya mayi ako ili pamwamba pa kabati. Uiike m'chikwama."