Ndinanamizira alamu anga kuti akufuna kundipha

Inu owerenga, ndinaloza chala munthu wosalakwa pamaso pa anthu, n'kunena kuti wandidyetsa poizoni. Ndikulemba kuti wina asadzachite zimene ndinachita ine.

Ndimakhala m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya nzimbe ku Chikwawa, kumene amuna anga amadula nzimbe. Nditapita padera kachiwiri ndinasiya kudya, tulo tinathawa, ndinkangolira. Kuchipatala anati ndi matenda okhumudwa, ndipo anandipatsa timapiritsi tomwa m'mawa uliwonse. Ndinkatibisa m'sutikesi, poopa kuti anthu azinena kuti ndikumwa mankhwala a misala.

Kenaka kunabwera alamu anga a Felesta, mlongo wawo wa amuna anga, kuchokera kwa Ndamera. Anati abwera kudzandisamalira. Ine sindinakhulupirire. Mnzanga wina anali atanditsina khutu kuti pamaliro ena kumudzi, a Felesta anadandaula kuti mchimwene wawo akukalamba wopanda mwana. Choncho ndinkawayang'anitsitsa. Akandipatsa madzi ndinkayamba ndanunkhiza. Akamacheza ndi amuna anga m'Chisena n'kutsitsa mawu, ndinkati akukambirana za mkazi wina.

Tsiku lina anatulutsa kabotolo ka makapisozi kolembedwa Chipwitikizi, kamene anagula pamsika ku Nsanje.

"Alamu, awa ndi a zitsamba chabe," anatero. "Ine amuna anga atamwalira, ndi amene anandibwezera tulo."

Anameza kamodzi ine ndikuona. Apo ndinalimba mtima. Ndinayamba kumwa makapisoziwo, kwinaku ndikupitiriza mapiritsi a kuchipatala aja osauza munthu.

Pa tsiku lachinayi, ndikuchapa pampopi, manja anayamba kunjenjemera. Thukuta linatsika ngati andithira madzi, mtima ukugunda mpaka m'makutu, miyendo ikudumpha yokha. Amayi anzanga anandinyamula. Nditaona a Felesta akuthamangira kwa ine, zonse zimene ndinkaganiza zija zinalumikizana m'mutu mwanga. Ndinakuwa kuti mayi ameneyu asandikhudze, wandidyetsa poizoni kuti mchimwene wake akwatire wina.

Anthu anawazungulira. A Felesta anathamangira kunyumba, natenga kabotolo kaja n'kumeza makapisozi awiri pamaso pa onse, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinati asinthanitsa, oipawo anandipatsa kale. Amuna anga atabwera kuchokera kumunda, nkhope ili bii ndi phulusa la nzimbe, anapeza mkazi wawo akumukweza galimoto, mlongo wawo akutukwanidwa. Ndinawauza kuti asankhe pakati pa ine ndi mlongo wawo. Madzulo a tsiku lomwelo anawakweza a Felesta minibasi.

Kuchipatala ndinagona masiku atatu. Dokotala, mayi wodekha kwambiri, anayang'ana kabotolo kaja nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati pali china chimene ndimamwa. Ndinazengereza, koma ndinaulula, amuna anga ali pomwepo.

Dokotalayo anandifotokozera kuti muubongo muli timadzi timene timanyamula mauthenga, ndipo thupi limatiphwanya tikamaliza ntchito. Mapiritsi anga ankachulukitsa timadzi timeneti, makapisozi aja nawonso ankachita zomwezo. Anatinso anthu sitibadwa ofanana: ena thupi lawo limaphwanya msanga timadzi ndi mankhwala otere, ena limachedwa, ndipo zimenezi timatengera kwa makolo. Anayerekeza ndi fakitale yogaya pang'onopang'ono imene ailandiritsa nzimbe za magalimoto awiri nthawi imodzi. Anati alibe zipangizo zoyezera zimenezo, koma anafunsa ngati kwathu alipo amene mankhwala amamupweteka msanga. Ndinakumbukira amayi anga, amene anapatsidwapo mapiritsi a ululu wa miyendo n'kukhala masiku awiri ali ngati oledzera.

"Nanga bwanji alamu anga sanadwale?" ndinafunsa.

"Iwo samwa mapiritsi anuwa, komanso thupi lawo si lanu. Akanadziwa bwanji zimene munabisa?"

Amuna anga anangotuluka panja.

Nditachira ndinapita ndekha kwa Ndamera. Ndinawapeza a Felesta akupeta mapira. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Zoti ndinadandaula za mwana n'zoona, alamu. Ndinadandaula chifukwa ndinkakumverani chisoni nonse awiri." Anandiphikira, anandiperekeza mpaka pamsewu. Koma mbiri inali itafika kale kumudzi. A Felesta ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi sukulu, ndipo makolo analetsa ana awo kugula. Ndinaima m'tchalitchi mwawo n'kunena kuti ndinanama, koma amene anamva kupepesa kwanga ndi ochepa poyerekeza ndi amene anamva bodza lija. Kwathu a Felesta sanapondekonso.

Inu owerenga, mankhwala amene athandiza mnzanu musaganize kuti inunso akuthandizani, ngakhale awatche a zitsamba. Musasakanize ndi a kuchipatala musanafunse, ndipo dokotala muzimuuza zonse zimene mukumwa. Matenda okhumudwa si chinthu chochititsa manyazi. Ine manyazi ndi amene anandibisitsa mapiritsi. Ndipo thupi likakudabwitsani, thamangirani kuchipatala musanatchule dzina la munthu. Ine ndinachira m'masiku atatu, koma a Felesta mpaka lero akamadutsa pachitsime, amayi ena amavundikira ndowa zawo.