Tsiku Limene Anagawa Dimba

Tsiku limene anagawa dimba ine ndinali m'kalasi. Aphunzitsi a zaulimi anali atatiuza kuti mawa lake aliyense abwere ndi dothi la kwawo, ndipo ndinasangalala chifukwa dothi la dimba lathu ndi lakuda, lofewa ngati ufa. Titaweruka ndinachoka ku Kandeu mothamanga, osadzera kunyumba, n'kutsetserekera kudimba ndili chivalire yunifolomu.

Ndinapeza mizere iwiri ya nsenjere yongobzala kumene italidula dimbalo patatu. Kwathu kuno malire a dimba ndi nsenjere, ndipo ikalowa m'nthaka ndiye kuti akuluakulu amaliza kukambirana. Mng'ono wanga, amene anasiya sukulu ali Sitandade 7, anali m'chigawo cha kumunsi, pafupi ndi kasupe, akutola miyala.

"Achemwali, samalani nsapato, kuno n'kwa anthu amatope," anatero akuseka.

"Wabzala izi ndani?"

"Amalume. Msana wa amayi wakana, ndiye agawa. Kumtunda n'kwa amayi, pakati n'kwa achemwali aakulu ndi amuna awo, kuno n'kwanga."

Ndinawerenganso zigawozo ndi maso, ngati kuti chachinayi chabisala kuseri kwa nthochi. Kenako ndinamuuza za dothi limene aphunzitsi ankafuna. Anatapa ndi manja ake n'kundiikira m'kapepala.

"Tengani. Mwachita bwino kupempha kwa mwini wake."

Ankangoseka, ndikudziwa. Koma chigawo cha kumunsicho ndinachiswa ndine ndi amayi, chaka chimene ndinkadikira zotsatira za Sitandade 8. Panali bango lokhalokha, mizu yake inandisiyira matuza m'manja monse. Iye nthawi imeneyo ankangobweretsa madzi akumwa.

Nditafunsa amayi kunyumba, anandiyang'ana modabwa. "Iwe munda wako uli m'mutu," anatero, akundisisita paphewa. Anayankhula monyadira, ndipo achemwali aakulu anavomereza. Onse anaona ngati andipatsa ulemu. Ine ndinakhala pakhonde n'kumamva ngati mlendo amene amulandira bwino koma akuyembekezera kuti atsanzike.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zinthu zimene kale sindinkaziona. Amayi a madimba oyandikana nafe akamagwirizana za masiku opatutsira madzi a kasupe m'ngalande, ankabwera kudzaitana mng'ono wanga, ine ndili pomwepo ndi buku. Ankamutchula kuti inu. Mwana amene ndinkamubereka kumsana, amayi aimvi akumufunsa kuti, "Inu Lachiwiri likukomerani?" Mavenda a ku Ntcheu Boma akafika kudzaona kabichi, ankandidutsa pakhomo n'kufunsa kuti eni dimba ali kuti. Ngakhale kayendedwe kake kanasintha. Ankayenda pang'onopang'ono, khasu lili paphewa, akuyang'ana mitambo ya kumapiri ngati munthu amene mvula imamudziwa.

Ndinafika pomadana ndi kabichi wake. Ndikamadutsa m'mawa ndinkasuzumira kuti mwina mbozi zagwa, koma mitu inkangokula, yothina, yowala ndi mame. Anthu pamudzi ankati iye ndi amene ayenera kundisirira ine, wa yunifolomu. Ndinkamuyang'anitsitsa kuti ndipeze nsanje imeneyo pankhope pake. Sindinaipeze. Akandiona ndikuwerenga ankangoti, "Limbikirani achemwali, mudzatigulire mpope wothirira," n'kunyamula kheni yake yothirira.

Loweruka lina ndinalimba mtima n'kupita kwa amalume. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa pichesi akusankha mbewu ya mbatata ya kachewere, yophuka kuika uku, yowola kuponyera nkhuku. Ndinagwada, n'kupereka moni, kenako mawu onse amene ndinakonza panjira anathawa.

"Amalume, ine mwandiiwala."

"Kukuiwala bwanji? Ukufuna chiyani, makope?"

"Dimba."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ataona kuti ine sindikuseka, anapukuta manja pa buluku.

"Tamvera. Dimba lija ndi laling'ono, ndipo silifuna munthu wobwera pa holide. Ndagawira amene mitondo yawo idzasinjira pamudzi pano. Iwe ukupita kutali, tonse tikudziwa."

"Nanga ndikadzalephera mayeso?"

"Ukadzalephera tidzakhala pansi."

"Ndiye kuti ndiyambe ndalephera kuti ndikhale ndi malo kwathu?"

Anatembenuza kachewere m'manja. Kenako anati, "Chabwino. Undiuze pano kuti udzakhala. Unene kuti ukamaliza Folomu 4 udzabwerera, udzalima, ana ako adzabadwira kuno. Ukanena, mawa lomwe ndikadula chigawo cha mayi ako, ndikubzalira malire."

Sanali kundiopseza. Ankanena zoona, ndipo ankadikira. Mawuwo anali afupi, mwana aliyense akanawanena. Koma ine ndimafuna kudzaphunzira unamwino. Ndakhala ndikuzifuna kuyambira tsiku limene ndinaperekeza amayi kuchipatala cha ku Nzama n'kuona mtsikana wa msinkhu wa achemwali aakulu akuwayeza, akuwalankhula mofatsa. Ndikanati ndidzakhala, ndikananamiza amalume, kapena ndikanadzilodza ndekha. Ndinangoyang'ana nkhuku zikulimbirana mbatata yowola.

"Waona?" anatero amalume mofatsa. "Pita ukawerenge."

Nkhani sibisika pamudzi. Mawa lake titachoka kutchalitchi mng'ono wanga anandipeza ndikuchapa yunifolomu. Anaima kanthawi akukanda mwendo ndi chala cha phazi linalo.

"Ndamva munapita kukandisumira."

"Sindinakusumire. Ndinakafunsa zanga."

"Mukanafunsa ine." Anakhala pamwala. "Mabedi awiri a kumapeto, kufupi ndi nthochi, sindikuwakwanitsa. Limani inuyo. Koma ndakubwerekani, musadzati ndinakupatsani."

Ndinafuna kukana. Ndinafuna kumuuza kuti sindingabwereke nthaka imene ndinaichotsa bango ndi manja anga. Koma manja omwewo ankayabwa, ndipo ndinamva pakamwa panga pakufunsa kuti madzi amafika kumeneko tsiku liti.

Ndinabzala anyezi ndi mpiru. Ndimathirira m'mawa ndisanapite kusukulu, ndipo masiku ena ndimafika m'kalasi matope ali m'zikhadabo, anzanga n'kumandiseka kuti namwino wa kudimba. Sindidandaula. Ndikakhala pakati pa mabedi awiriwo mutu umapepuka, ndipo zimene ndawerenga zimakhazikika bwino. Mayeso ali chaka chamawa, ndikuona kuti ndikhoza. Ndikakhoza ndidzapita, monga amalume ananenera, ndipo mabediwo adzabwerera kwa mwini wake popanda wina kukhala pansi.

Sabata yatha amayi ena a dimba la kutsidya anaima pamalire akuchokera kotunga madzi. Ine ndinali nditawerama ndikupalira, mng'ono wanga ali chapatali. Anayang'ana anyezi wanga nthawi yaitali, n'kukweza mawu kudutsa pamutu panga.

"Koma inu muli ndi dzanja! Anyezi uyu mwamudyetsa chiyani?"

"Manyowa a mbuzi basi," anayankha mng'ono wanga. "Zikomo amayi."

Ndinadikira kuti awonjezere kanthu. Anatola kheni yake n'kulowera kukasupe. Ine ndinapitiriza kuzula udzu, ndipo ndinazula ndi anyezi mmodzi yemwe, wosakhwima, n'kumubwezera msanga m'dothi asanaone.