Nsomba Yooneka Ngati Nsapato

Sitiroko itamugwetsa Tsuneo Kabashima, dzanja lake lamanja linatsala likunjenjemera. Munthu amene analemba zikwangwani za masitolo a m'tauni yonse osakhotetsa mzere, tsopano ankalephera kulemba dzina lake lomwe. Mkazi wake Michie nayenso anagonekedwa m'chipatala chakutali. Madokotala anati wasiya kudya, ndipo pa foni sankayankhula. Tsuneo analibe mphamvu zokwera sitima kukamuona.

Mlongo wake anamukokera ku kalasi ya etegami, kumene anthu amajambula timakhadi n'kutumizirana pa positi. Malamulo a kalasiyo anamuwawitsa mutu. Burashi uziigwira kunsonga kwenikweni, mzere uziukoka pang'onopang'ono maso ali pa chinthu chomwe ukujambulacho, osayamba ndi pensulo, osafufuta. Ndipo khadi silinathe ngati sunatumizire munthu.

"Ndiye kuti mumachita kukhotetsa dala?" anafunsa Tsuneo.

"Ife timachita kuvutikira kuti dzanja linjenjemere," anatero mphunzitsi, Mayi Horiuchi. "Inu mwapatsidwa zaulere, mukudandaulanso."

Koma anthu ena kuuma mutu kwake. Tsuneo ankajambula, n'kung'amba. Biringanya, wang'amba. Duwa, wang'amba. Mkazi akufooka uko, bambo ali kalikiliki kudzaza bini, ati Michie sanaonepo ntchito yake yonyansa ndipo sayamba lero. Zinali zopsetsa mtima kuonerera.

Tsiku lina anajambula nsomba youma imene Michie ankamuwotchera m'mawa, n'kulemba pambali kuti, "Yowotcha ine sikoma." Inki inayenderera, mchira unatuluka kunja kwa khadi. Asanang'ambe, Mayi Horiuchi analitsomphola.

"Bwezani, mayi. Mukufuna kundichititsa manyazi?"

"Manyazi anuwo akudyetsa ndani? Adiresi andipatsa kale alongo anu."

Tsuneo anapita kwawo akulalata njira yonse.

Patapita masiku foni inalira. Anali Michie, mawu ake ofooka koma akuseka mpaka kutsokomola.

"Bambo, nsapato mwanditumizirayi ndi ya ndani?"

"Ndi nsomba imeneyo."

"Anamwino onse akuti nsapato. Ndaseka mpaka njala yandigwira, ndamwa phala. Tumizani inzake, nsapato imodzi ndiyenda nayo bwanji pobwera kunyumba?"

Tsuneo anakhala pansi n'kulira, kenako anatenga burashi. Inzakeyo inatuluka yoipa kuposa yoyamba, koma anakaiponya yekha pa positi, akukoka mwendo. Sanang'ambenso khadi. Michie atatuluka m'chipatala anabwera ndi bokosi lodzaza nsomba zokhota, ndipo lero Tsuneo amathandiza Mayi Horiuchi kulanda makhadi m'manja mwa ophunzira atsopano.

Inu amene mukudikira kuti dzanja liyambe lasiya kunjenjemera, mudikira mpaka liti? Alipo wina akufooka podikira chokhota chanucho. Osataya mtima, ndipo osang'amba. Tumizani.