Kontena Yotsuka ya Alamu Anga

Alamu anga ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda ka khomo limodzi kuseri kwa msika, pakati pa wogulitsa mabatire a galimoto ndi saluni yanga. Khoma lotilekanitsa ndi la matabwa, choncho palibe chimene chimandidutsa: kulira kwa makina awo opondera, kutsokomola kwawo, ngakhale kugeya kwawo akakhuta. Anthu amangowatchula kuti a Telala, ndipo akafuna kulozera mlendo njira amati, "Mukaona mimba yatulukira pakhomo, mwafika."

Mimbayo sanabadwe nayo. Pamene ankafunsira achemwali anga, ine ndili kusukulu ya pulayimale, anali woonda ngati singano yawo yomwe. Anakulira kwa amalume awo, nyumba ya ana ambiri, kumene mwana wamasiye ankadya zotsala ataimirira pafupi ndi chitseko. Kusoka anaphunzirira pa matumba obooka kumalo osungira katundu. Mayi athu atawaona koyamba anatinong'oneza kuti, "Uyu mphepo ikawomba tikamutola kutsidya kwa msewu." Tonse tinaseka, kupatula achemwali. Iwo anangoti, "Ameneyu sadzamvanso njala ine ndili moyo."

Ndipo achemwali anga akanena chinthu, chatha. M'mawa uliwonse, zaka zonsezi, alamu ankanyamuka ndi kontena ya chivundikiro chobiriwira: buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri, mazira okazinga, mbatatesi zosambira m'mafuta, nthawi zina soseji. Pambali pake fulasiki ya tiyi wa mkaka, shuga wake wochita kumata milomo. Mwana sanakhale naye. Anayesa kwina ndi kwina mpaka anatopa, nkhaniyo n'kusiya kuikamba. Chikondi chonse chimene chikanapita kwa ana chinathera m'kontena muja, alamu n'kumangofutukuka.

Kontenayo inkabwerera madzulo ili yakuda. Alamu anga amatha kusoka suti yoti munthu akakwatire nayo, koma kutsuka ngakhale supuni, iyayi. Achemwali ankalalata tsiku lililonse, "Bambo inu, madzi amakulumani?" Koma ine ndimawadziwa akulu anga. Ankathamangira kutsegula chivundikiro chija, akaona mizere ya chala chimene chakomba mafuta m'makona, nkhope inkawala. Kulalatako kunali kongokometsera.

Kusintha ndinayamba kukumva ndi makutu. Makina aja, amene ankalira mosadukiza kuyambira m'mawa, anayamba kumaima pakati pa msoko. Ndinkamva phazi likumenyedwa pasimenti kangapo, kenako makina n'kuyambanso. Posakhalitsa kunasowa kaphokoso ka chivundikiro chija ndi kufwifwinya tiyi. M'malo mwake ndinkawaona akutuluka m'mawa ndi kamtolo kokulunga m'nsalu, n'kubwerako chimanjamanja. Ndinkangoti akukapereka zovala za anthu.

Kenako khosi linayamba kuoneka. Kolala ya malaya inasiya kuluma. Masana ena ndinasuzumira pamng'alu wa matabwa, ndipo ndinawaona atatseka nsalu ya pakhomo, atadzikulunga chinsalu m'chiuno, akubweza buluku lawo lomwe kuti lisamakhwefuke. Ankasoka mothamanga, maso ali kukhomo, ngati akuba.

"Alamu, mimba mwaisiya kuti?" ndinawafunsa tsiku limenelo, mwanthabwala zathu za masiku onse.

"Ndaibwereketsa," anatero. Anaseka, koma sanandiyang'ane.

Msika suchedwa. Mayi wina ndikumuluka tsitsi anayamba kulankhula motsitsa mawu, kuja kochititsa nseru kuja. "Alamu anu ali bwinobwino? Muwalimbikitse, masiku ano matenda amenewa ndi kungomwa mankhwala basi, asamachite manyazi." Ndinamukoka tsitsi mpaka anatulutsa misozi, ndipo sindinapepese. Koma atachoka ndinakhala pampando n'kuyamba kuganiza, chifukwa nanenso funso lomwelo linali litandifikira kale.

Loweruka lina madzulo achemwali anabwera kunyumba kwanga osandiuziratu. Sanakhale n'komwe. Anatulutsa kontena ija m'chikwama n'kundiika pamiyendo.

"Nunkhiza."

Ndinanunkhiza. Sopo.

"Si sopo wa kwanga ameneyo," anatero. "Taona m'mphepete mwa chivundikiromo, mmene mumakanirira mafuta. Ngakhale ine sindifikamo. Bamboyu chikwatirane sanatsukepo kanthu. Ili ndi dzanja la mkazi."

Ndinayesa kuti mwina atembenuka mtima kuukalamba. Anandiyang'ana mpaka ndinatseka pakamwa.

"Akuonda. Madzulo akudya msangamsanga ngati akuthawa, ndikawapatsa tiyi wogonera akukana. Ndikawafunsa amati ndi ntchito." Anakhala pansi tsopano, n'kuyamba kupinda ndi kupindula mpango wawo. "Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzafuna mwana. Sindikuwada. Koma chakudya changa, chophika ine, azikadyetsa mkazi wina? Katundu wanga ndalongedza kale. Ndikungofuna ndimuone nkhope, kenako ndizipita."

Achemwali anga salira pamaso pa anthu, ndipo sanalire. Ndinalira ndine.

Lolemba m'mawa anabwera kudzabisala musaluni, atadziphimba thawulo kumutu ngati kasitomala. Alamu atatuluka ndi kamtolo kawo, tinawatsatira. Tangoganizani, azimayi awiri akuluakulu, wina wa imvi, tikuzemba kuseri kwa milu ya matayala. Anadutsa kanjira ka pakati pa ogulitsa zitsulo, anakhota pampopi, n'kukaima pakona pamene pamakhala wosoka nsapato pansi pa ambulera yong'ambika. Ndi mkulu wachikulire, akazi ake anamwalira kalekale, ndipo aliyense amamutchula kuti a Chidendene. Pafupi naye pamakhala mtsikana wogulitsa nthochi, wa mwana kumsana.

Tsoka lake, tsiku limenelo manja a a Chidendene anali guluu yekhayekha. Mtsikana uja ndi amene anatambasula manja kulandira kamtolo.

Sindinathe kuwagwira achemwali. Ndinangoona thawulo lili pansi, iwo ali kale pamenepo, atamugwira mtsikanayo pamkono.

"Ndiwe eti? Ndi mwana yemwe? Tamutembenuza ndimuone."

Mwana anayamba kulira. Nthochi zinagwa. Ogulitsa zitsulo anasiya makasitomala awo, amene ankatunga madzi anasiya zidebe zikusefukira, ndipo posakhalitsa tinali pakati pa bwalo la anthu. Mtsikanayo ankangoti, "Mayi, ndalakwa chiyani?" Alamu anaima chilili, dzanja limodzi litagwira lamba, thukuta likutsika m'khosi lawo latsopano lija.

A Chidendene anadzuka pang'onopang'ono, akupukuta zala pachisanza.

"Mayi, musiyeni mwanayo. Chakudyacho ndi changa." Anawayang'anitsitsa. "Kodi ophikawo ndinu? Ndakhala ndikuwapempha a Telala kuti adzandionetse. Taonani," anakweza malaya pang'ono, "lamba uyu ndaboola bowo lina. Chimwalirire akazi anga sindinadyepo chonchi."

Achemwali anafunsa, mawu atauma, kuti nanga amatsuka ndani. Mkuluyo analoza kachidebe ndi kachidutswa ka sopo pansi pa benchi.

"Ndine ndemwe. Unyamata wanga wonse ndinathera kutsuka mbale kuhotela. Munthu wandidyetsa, ndimubwezere mbale yakuda? Sindingathe."

Wina kumbuyo anaseka, ena n'kulandira. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Achemwali anamusiya mtsikana uja, n'kugwada kuyamba kutola nthochi imodziimodzi, kuzipukuta ndi mpango wawo. Sanakweze mutu mpaka anamaliza.

Tinabwerera kushopu titatsogozana. Alamu anatseka nsalu ya pakhomo. Ine sindinatuluke, chifukwa ngakhale ndikanatuluka ndikanamvabe zonse pakhoma paja.

Alamu anakhala pampando wa makina, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana chopondera. Anati mapazi anayamba kuchita dzanzi, moti nthawi zina sankadziwa ngati aponda kapena ayi. Tsiku lina anawononga diresi la mkwatibwi, msoko unangothawa. Anapita okha kuchipatala. Dokotala anawauza kuti shuga wayamba kukwera, magazi akuthamanga, ndipo thupi likapanda kutsika, mapaziwo ndi amene adzayambe kulipira.

"Telala wopanda phazi ndi ndani?" anatero. "Anandiuza njira zingapo. Zinazo zinkafuna kuti ndibwere kwa inu ndikuuzeni musinthe kaphikidwe. Ndiye ndinafunsa za iyi yosala kudya kwa maola, anandilola bola ndizipita kukayezetsa. M'mawa madzi ndi tiyi wopanda shuga. Dzuwa likafika pamutu ndimagula zipatso ndi mtedza. Madzulo ndimadya kwanu kusanade, basi mpaka mawa. Ndinaona kuti imeneyi ndingaithe ndekha, inu osadziwa."

"Osadziwa," anabwereza achemwali. "Mukudziwa zimene anthu akunena pamsika pano?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye munangokhala chete?"

Alamu anapukuta kumaso ndi kachidutswa ka nsalu ya munthu. Bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu.

"Ndinaona kuti bola anene zimenezo. Ndikanayamba bwanji, mayi? Mumadzuka kusanache chifukwa cha ine. Ndikuuzeni kuti chakudya chanu chija..." Anathera pomwepo.

Kunja wa mabatire ankakangana ndi kasitomala.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndinkakuphani ine," anatero achemwali. Sanafunse, anangonena.

"Ayi. Ndinabwera kwa inu ndili mafupa okhaokha. Palibe anandifunsapo ngati ndakhuta, munayamba ndinu. N'chifukwa chake zinandikanika."

Ndinkayembekezera kuti alalata, ndipo ndinkafuna alalate, chifukwa alamu anafunika kulalatiridwa. Munthu wamkulu kumabisa matenda, kumabweza buluku mobisa, mpaka banja kutsala pang'ono kutha chifukwa cha manyazi. Koma achemwali anagwada pasimenti, pakati pa tizidutswa ta nsalu, n'kuwavula nsapato ndi sokosi. Anazula singano imodzi mwa zimene alamu amabaya pakolala.

"Yang'anani kukhoma."

Alamu anayang'ana kukhoma. Achemwali anagunda chala chachikulu ndi nsonga ya singano, osabaya, kungokhudza. Anagundanso. Anagunda chala chachiwiri.

"Mwayamba?" anafunsa alamu.

Achemwali anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga. Anasuntha singano kufika pakati pa phazi.

"Apo ndamva," anatero alamu. "Pamenepo kale sindinkamva bwino."

Achemwali anawaveka sokosi, anamanga zingwe za nsapato, anatenga chikwama chawo n'kutuluka. Sanatsanzike. Tsiku lonse makina sanalire, ndipo ine ndinkangoganiza za katundu wolongedza uja.

M'mawa mwake alamu anafika chimanjamanja, opanda kontena, opanda fulasiki. Ndinawapatsa moni, anayankha ndi mutu. Ndinawafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Anati atadzuka anapeza achemwali ataima kukhitchini, chitofu chosayatsa, manja atawapinda pamimba, osadziwa chochita nawo. Za katundu sanafunse, ankaopa yankho.

Dzuwa litafika pamutu ndinamva mawu amene ndimawadziwa akudutsa pakati pa ogulitsa zitsulo. Ndinasiya mutu wa munthu uli theka n'kutuluka. Achemwali ankabwera pakati penipeni pa njira, pamaso pa anthu omwe aja anaseka dzulo, atanyamula phava la nthochi ndi makontena awiri. Ndinamva pambuyo pake kuti anayambira kwa mtsikana uja, kukapepesa anthu onse akumva. Kontena imodzi inali yatsopano. Anandipatsa ine.

"Kapereke kwa mkulu uja. Tamuzoloweretsa tokha, sitingamusiye panjira."

Milomo yawo inali youma, yotuwa. Ndinawafunsa ngati adya.

"Ndidye ndekha, munthu akumwa madzi? Ndadikira nthawi yake." Anakankha nsalu ya pakhomo ndi phewa.

Alamu anadzuka mofulumira mpaka anagunda bondo kumakina. Achemwali anaika kontena ya chivundikiro chobiriwira patebulo lodulirapo nsalu n'kutsegula. Munali nyemba, masamba ndi nsomba yowiritsa, mafuta osaoneka n'komwe.

"Ndapita kuchipatala kuja kukafunsa ndekha," anatero. "Sichikoma, ndalawa ndi nsonga ya lilime. Ndiphunzira. Theka ndi langa, musamalize."

Alamu ankangoyang'ana m'kontenamo. Anafuna kulankhula, koma achemwali anawatsekereza ndi supuni.

"Mawa ndikachedwa kubwera ndidzatumiza. Koma mumve bwino, bambo. Kontenayi ibwere yosatsuka. Ndikufuna ndizidzionera ndekha."