Abakha Atatu Pansi pa Penti

Madala okonza mfuti, oyandikana nyumba ndi aphunzitsi, amayamba kulonjera mfuti, mwini wake pambuyo. Amainunkhiza kukamwa, kuigogoda ndi chikhadabo, kenaka n'kuisuzumira ndi kagalasi kokulitsa zinthu komwe sikachoka m'khosi mwawo. Amakonda kunena kuti eni mfuti onse ndi abodza, koma chitsulo sichidziwa kunama.

Tsiku lina aphunzitsi anawabweretsera mfuti ya malemu agogo awo, yopakidwa penti yobiriwira. A inshulansi anali atawauza kuti akufuna kalata yonena giredi ndi mtengo wake.

Madala anangopala penti pang'ono, n'kulumpha ngati aponda khala la moto.

"Bakha! Wina uyu! Atatu, aphunzitsi, ozokota ndi manja! Ya bakha mmodzi ndi ya wamba, koma ya atatu ndiye mapeto. Zaka makumi anayi ndakhala ndikungoimva m'mbiri! Mumaisunga kuti?"

"Amayi amachirikizira chitseko cha kukhitchini kuti chisamamenyetseke ndi mphepo."

Madala anakhala pansi atagwira pamtima. Madalawo atalemba mtengo pakalatapo, aphunzitsi anauwerenga kawiri. Unkaposa wa galimoto yawo.

"Abale inu! Nanga chitseko chija, amayi ndikawauza chiyani?"

Madala anathamangira kuseri kwa nyumba n'kubwerako ndi njerwa. Anaipukuta bwinobwino, anaisuzumira ndi kagalasi kaja mbali zonse, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Mukawapatse iyi. Ndaiyeza ndekha, ilibe bakha ndi mmodzi yemwe."